Mutu 5: Ma K Khumi ndi Anayi a Jerwin

1. Makatoni pa waya

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala pa kabenchi ka m'mbali mwa bwalo, buku la zigoli lili pamwendo, ndikulemba masewero a besibo a sukulu yathu ya ku Tanauan. Ana odzimva ndawaona ambiri, koma Jerwin Macatangay anali wapayekha.

Mkono anali nawo, pamenepo sindingamunamizire. Akaponya mpira, womenya ankangomva kuti phaa m'gulovu ya wowakha, chibonga chidakali paphewa. Womenya akaphonya katatu ndiye kuti watuluka, ndipo ine m'buku ndimalemba chilembo K. Kachilembo kameneka ndi kamene kanamuzunguza mutu mwanayu.

Owonjezera moto anali amalume ake, a Tiyo Berting, munthu woti ntchito yake palibe amaidziwa. Ankatola makatoni kumsika, n'kulembapo K ndi penti yofiira. Jerwin akagwetsa womenya mmodzi, iwo katoni pa waya, kenako kuvina, mimba ili gwedegwede. Bambo wamkulu ndithu, wa imvi zake!

Anyamata asanu ndi awiri oima kumbuyo kwake kudikira mpira, Jerwin ankawatchula mapolo a magetsi. Arnel Dimayuga, amene ankamuwakhira mipira kuyambira ali kupulayimale, ankamutchula Dengu.

"Dengu, tanditengera madzi. Mapolo, mukhoza kukhala pansi, lero palibe mpira ukufikeni."

Chodabwitsa n'chakuti m'buku langa nkhani inali ina. Mwezi wa Januwale anagwetsa anthu khumi ndi awiri, tinapambana. Sabata yotsatira anagwetsa khumi ndi awiri omwewo, anatikwapula zigoli zisanu ndi zitatu kwa ziwiri. Ndikamuonetsa, iye ankangowerenga ma K, kwinako maso ake sankafikako.

Tsono Loweruka lina la mu Malichi kunkabwera anyamata a ku Lipa. Kunkabweranso bambo Villaluz, mphunzitsi wa besibo wa koleji ina ku Manila. Anali ndi malo amodzi okha a woponya: sukulu yaulere, pogona ndi chakudya. Mayi ake a Jerwin, a Aling Nena, amagulitsa lomi, supu yotentha ya nyama ndi supageti, pakona pa msika, ndipo ndalama za m'mbale za lomi sizingamufikitse mwana ku koleji. Khomo linali limenelo basi, ndipo tonse tinkadziwa.

2. Mawu a Mang Ponso

Lachisanu masana, zokonzekera zitatha, a Mang Ponso Carandang, kochi wathu, anamuitanira pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinali pomwepo ndikusongola mapensulo.

"Khala apa. Vula chipewa ndikamakuyankhula," anatero. "Ine ndinayamba kuwakha mpira kuminda ya nzimbe bambo ako asanabadwe. Taona zala zangazi, palibe chowongoka ngakhale chimodzi. Oponya amphamvu ndawawakhira ambiri, koma ndikuuza za awiri.

"Woyamba anali Turing. Ankagwetsa anthu khumi pa masewero amodzi, ndipo ankapambana. Wachiwiri anali Dado. Nayenso ankagwetsa khumi, koma ankaluza ngati amachita kumutuma. Mkono wofanana, liwiro lofanana. Ukudziwa panasiyana pati?

"Turing ankaisunga K yake ngati mpeni wa m'thumba. Ankaitulutsa zinthu zikathina, adani atayandikira chigoli. Nthawi zina zonse ankaponya mpira wapansi, womenya n'kuugunda mofooka, anzake n'kutola. Mpira umodzi, munthu watuluka. Dado ankafuna K pa aliyense, ngakhale pa kamwana koti ukangokakalipira kalira. K imodzi imadya mipira isanu kapena isanu ndi umodzi. Pofika ndime yachisanu mkono walema, mipira ikungopita kumbali. Inayi yapambali, womenya akuyenda ulere kupita pa besi yoyamba mwa mabesi atatu amene munthu amaponda asanagoletse. Wina ulere, winanso ulere. Anzake kumbuyo aima padzuwa maola awiri osakhudzako mpira, miyendo yauma, maganizo ali kunyumba. Tsiku loti mpira wawafika, aphonya. Iye n'kumati anzakewo ndi mbuzi. Dado lero amayendetsa jipini, minibasi ya kwathu kuno, ku Calamba, ndipo akafuna kupesa tsitsi amakweza mkono wakumanja ndi wakumanzere."

Jerwin anayasamula. A Mang Ponso anamuona, koma anapitiriza.

"China ndi ichi, ndipo umve bwino. Arnel akakuonetsa chala chimodzi, akudikira mpira wowongoka. Akakuonetsa ziwiri, akudikira wogwa uja, wotsika mwadzidzidzi ukamufika womenya. Ngati sukufuna, pukusa mutu, palibe mlandu. Koma ukavomera, ponya chimene wavomera. Munthu amene wanyonyomala patsogolo pakoyo wakupatsa thupi lake. Kuvomera china n'kuponya china si kuchenjera, umenewo ndi ufiti.

"Ndipo usaiwale zimene ndinakuphunzitsa uli ndi zaka khumi. Kuphonya kwachitatu sikumutulutsa munthu mpaka mpira utakhala m'gulovu. Ukamupulumuka Arnel, aliyense amathamanga, ndipo iwe malo ako ndi pambale paja pamene adani amaponda kuti chigoli chiwerengedwe. Wamva?"

"Zamveka, a Kochi," anatero Jerwin, chala chili pafoni.

Nkhalamba ija itapita kukatolera zibonga, iye anatembenukira kwa ine.

"Madamu, nkhani za nthawi ya nzimbe zimenezi zidzatha liti? A Villaluz akubwera kudzaona ndani, ine kapena mapolo? Mawa mubwere ndi mapensulo awiri, imodzi ithera panjira."

Mxii! Ndinangotseka buku, chifukwa chimene chinali pakamwa panga sichoyenera mphunzitsi.

3. Dzuwa la Malichi

Masewero anayamba 1 koloko, dzuwa likuswa mutu. Mayere anagwera a ku Lipa kuti azimenya pomaliza ndime iliyonse. Ndime zinali zisanu ndi ziwiri, ndipo pa iliyonse Jerwin ankafunika kutulutsa anthu atatu.

A Villaluz anakhala kuseri kwa waya, kumbuyo kwenikweni kwa Arnel, ambulera m'dzanja, botolo la khofi pambali. Analibe buku, analibe pensulo. A Aling Nena anatseka malonda tsiku limenelo, anabwera atavala diresi ya kutchalitchi, kolona ali m'manja.

Ndime zitatu zoyamba, ndinene chilungamo, mwanayo anali moto. Ma K asanu ndi awiri. A Tiyo Berting mawu anayamba kusasa.

"Ameneyu si wa kuno! Ameneyu ndi wa ndege! A ku Lipa, bwererani mukalime khofi!"

Nafenso tinagoletsa zitatu. Ziwiri mwa izo anazibweretsa ndi Arnel, atamenya mpira umene unakagwera pafupi ndi zimbudzi za atsikana. Jerwin sanawombe n'komwe m'manja. Anali akuwerenga makatoni.

Ndime yachinayi mpira unagudubuzika kupita kwa Rodel, mnyamata woima pakati pa besi yachiwiri ndi yachitatu. Unali mpira wake woyamba chiyambire masewero. Unamudutsa pakati pa miyendo.

Jerwin anagwira m'chiuno, n'kukuwa kuti bwalo lonse limve. "Mwaona? Ndiye a Kochi aziti ndizikupatsani mipira? Iwe Rodel, ambuye ako aakazi akanaugwira umenewu atanyamula chidzukulu kumsana!"

Anthu anaseka. Rodel anangoweramitsa mutu, n'kumafukula dothi ndi nsapato. A Villaluz anamwa khofi wawo.

Kuyambira pamenepo Arnel akaonetsa chala chimodzi, Jerwin ankapukusa mutu. Ankafuna wogwa uja, wophonyetsa anthu. Koma a ku Lipa si ana. Kochi wawo anawauza kuti asamamenye, azingodikira. Ndime yachisanu anthu atatu anayenda ulere, wina n'kumenya kampira kopanda pake, zigoli ziwiri zinalowa. Zitatu kwa ziwiri.

A Mang Ponso anabwera pabenchi panga. "Madamu, waponya ingati?"

"Zana ndi inayi."

Anangoti, "Dado," n'kulavula.

Pofika kumapeto kwa ndime yachisanu ndi chimodzi makatoni pa waya anali khumi ndi imodzi. Jerwin pobwera pabenchi ankayenda ngati meya, koma ndinamuona akutikita chigongono mobisa ndi thaulo.

4. Chala chimodzi

Ndime yomaliza inayamba bwino. Woyamba, K. Wachiwiri anayenda ulere. Wachitatu, ulere. Wachinayi, K. Wachisanu Jerwin anamugenda pantchafu, woyimbira n'kumulozera ku besi yoyamba. Mabesi onse atatu anadzaza. Panatsala munthu mmodzi kuti tipambane, ndipo iwo ankafuna zigoli ziwiri.

Ma K anali khumi ndi atatu. A Tiyo Berting ananyamula katoni yomaliza pamutu.

"Yatsala imodzi, mphwanga! Khumi ndi anayi palibe anafikapo pa sukulu pano! Funsa a Madamu!"

Kunena zoona palibe anafikapo, koma ndani anawafunsa?

Womenya amene anabwera anali kamnyamata kowonda, chisoti chikukamira mpaka m'maso. Tsiku lonse kanali kasanamenyepo mpira wodutsa pamene paima woponya. Kanaphonya kawiri. Kenako Jerwin anaponya wowongoka kawiri, ndipo kawiri konseko kanaukhudza pang'ono, mpira n'kuthawira kumbuyo. Liwiro lija linali litatha.

Arnel anapempha nthawi, n'kuthamangira kwa Jerwin. Mabwalo athu ndi aang'ono, timamva zonse.

"Aise, mkono wako watopa. Wogwa uja ukugwera kutali, sindikutha kuudziwa kolowera. Ponya wowongoka, wapansi. Kakaugunda, upita kwa Rodel, aponda besi, tapambana."

"Rodel? Amene uja?"

"Augwira. Ndakuuza, augwira."

"Bwerera ukanyonyomale, Dengu. Ukunditayitsa nthawi."

Apo a Mang Ponso anaimirira, n'kukuwa ali pabenchi. "Jerwin! Ukapukusanso mutu kamodzi, ndikukutulutsa pompano, alendo akuona!"

Jerwin anayang'ana a Kochi. Anayang'ana a Villaluz. Anayang'ananso katoni ija ili pamutu pa amalume ake.

Arnel ananyonyomala, n'kutsitsa chala chimodzi. Jerwin anagwedeza mutu kuvomera, bwinobwino, ngati mwana womvera pa Misa.

Anaponya wogwa.

Kamnyamata kaja kanazungulira ndi chibonga chake, kuphonya ndi mkono wathunthu. Koma Arnel anali atatchera gulovu kudikira wowongoka. Mpira unagunda dothi, n'kunjanja, n'kukamenya dzanja lake lakumanja lopanda gulovu. Kulira kwa chalacho ndinakumva ndili pabenchi. Mpira unathawira kuwaya.

"Thamangani! Thamangani!" anakuwa kochi wa ku Lipa.

Wa pa besi yachitatu anaponda mbale. Zitatu kwa zitatu.

Arnel anakwawa ndi maondo, nkhope itakwinyika, n'kuutola mpira ndi dzanja lothyoka lomwelo. Wa pa besi yachiwiri anali akubwera, koma nthawi inalipo yambiri. Munthu woima pambale akanangolandira mpira, ameneyo akanatuluka. Arnel anatembenuka kuti aponye.

Pambale panalibe munthu.

Jerwin Macatangay anali ataima pamene anaponyera paja, msana ataulozetsa kumbale, manja onse m'mwamba, akulozera amalume ake kuti apachike katoni. Koma abale! Bwalo lonse likukuwa dzina lake kuti athamange, iye n'kumayesa tikumuchemerera.

Wachiwiri uja anaponda mbale ali chiimire, osadetsa n'komwe buluku. Zinayi kwa zitatu. Masewero anathera pomwepo.

Ine ndinalemba K yakhumi ndi chinayi, chifukwa malamulo amatero. Sindinalembepo chilembo chonyansa ngati chimenecho.

5. Funso la a Villaluz

A ku Lipa anali kudumphadumpha. A Mang Ponso anakulunga dzanja la Arnel m'thaulo, n'kuikamo madzi oundana a mayi wogulitsa zakumwa. Chala chapakati chinali chitapindikira kumene chala sichipindikira. Arnel sanalire. Anangoluma kolala ya jezi, anzake atamuzungulira, mpaka njinga yamoto ya kangolo inabwera kudzamutenga.

Jerwin kumeneko sanapiteko. Anapita kuwaya kumene kunali a Villaluz, a Tiyo Berting ali pambuyo pake ndi makatoni onse m'khwapa.

"Bwana, mwadzionera nokha," anayamba a Tiyo Berting. "Khumi ndi anayi! Kungoti anzakewa ndi..."

A Villaluz sanawayang'ane n'komwe. Anapinda ambulera, n'kubwera kwa ine.

"Madamu, pepani. Wagwetsa angati?"

"Khumi ndi anayi."

"Oyenda ulere?"

"Asanu ndi atatu, ndi mmodzi womugenda."

"Mipira yonse?"

"Zana ndi makumi atatu ndi isanu ndi umodzi."

Anagwedeza mutu, n'kutembenukira kwa Jerwin. "Mnyamata, ndili ndi funso limodzi. Mpira womaliza uja anauitanitsa ndani?"

Anyamata onse anasiya kumanga zikwama. A Aling Nena anali ataima chapatali, kolona atamufumbata.

"Arnel, bwana," anatero Jerwin, maso ali gwa. "Anandipatsa zala ziwiri. Kungoti analephera kuugwira. Amatero nthawi zambiri."

Magazi anga anawira. Mwana wa munthu ali panjira ya kuchipatala chifukwa cha iye, ndiye azimusenzetsanso mlandu? Ndinatsegula pakamwa, koma a Villaluz anandiyambirira.

"Ine ndawakha mpira zaka khumi ndi zinayi," anatero mofatsa. "Wowakha amene akudikira mpira wogwa, adani atadzaza mabesi, amakhala wokonzeka kugwada kuti autchinge ndi chifuwa. Mnzako uja anali atatchera gulovu, thupi lili phee. Ankadikira chimene unamulonjeza. Ndinali kumbuyo kwake, mwana iwe, ndipo maso anga sanathe.

"Oponya ogwetsa anthu khumi ndi anayi ndimawaona chaka chilichonse. Ena amafika patali, ena amathera pa benchi ya kumsika akufotokozera ana mmene ankaponyera. Ine sindilemba munthu chifukwa cha makatoni. Ndimayang'ana amene aima kumbuyo kwako, ngati akufuna kuti upambane. Lero ndaona anyamata asanu ndi atatu akukugwirira ntchito ngati akulipira chindapusa."

Jerwin nkhope inagwa. A Tiyo Berting anayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, makatoni akugwa imodziimodzi.

"Komabe mkono ndauona, ndipo mayi akowo ndawaonanso," anapitiriza a Villaluz. "Loweruka likubwerali, 8 koloko m'mawa, ubwere ku Manila. Ndikupatsa mipira makumi atatu. Koma ubwere ndi wowakha wako, wa m'timu muno. Anga ndili nawo awiri okha, ndipo zala zawo ndimazifuna. Ukabwera wekha, usavutike n'kutsika basi."

Anapatsa moni a Aling Nena mwaulemu, n'kunyamuka.

6. Ndani andiwakhire?

Gulovu ya Arnel inali itatsala padothi pafupi ndi mbale. Jerwin anaitola, n'kupita nayo pabenchi pamene anzake ankavula nsapato.

"Anyamata," anatero, mawu atachepa, "mwamva nokha. Ndi mipira makumi atatu basi. Ulendo wa Manila. Ndani andiwakhire?"

Onse anangopitiriza kuvula nsapato.

"Rodel, aise. Iwe unkawakhako ku pulayimale."

Rodel anamanga zingwe za chikwama chake osafulumira. Anayang'ana zala zake zonse khumi, kutsogolo ndi kumbuyo, kenako anaziika m'matumba.

"Mayi anga amafuna ndizitsuka mbale," anatero, n'kutuluka.

Enawo anamutsatira, mmodzimmodzi. Palibe anamutukwana, palibe anamukankha. Ankangomulambalala ngati matope. A Mang Ponso anali atapita kale ndi Arnel. A Tiyo Berting, munthu wa phokoso uja, sanaonekenso. A Aling Nena anawerama n'kuyamba kutola makatoni aja kuti asadetse bwalo la sukulu, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuluza.

Pamapeto pake pabenchi tinatsala awiri, ine ndi iye. Anaima patsogolo panga, gulovu ija ataikumbatira pachifuwa.

"Madamu," anatero, "Arnel amutengera chipatala chiti?"

Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Cha boma, kuseri kwa msika. Koma undiuze kaye. Ukukamufunsa za chala chake, kapena za Manila?"

Jerwin anangotembenuka. Anatuluka pageti, gulovu ili m'manja, n'kukhotera njira ya kumsika.